Kudzipangira nyambo ndi zida zowedzera: mafunso ndi mayankho

Ndimakhala ku Chilenje, ndipo m'thumba mukalola, Loweruka limandipeza m'mbali mwa Kafue kapena kumunsi ku Chirundu. Kuwedza ndinaphunzira kwathu ku Katete, ndi nsungwi ndi nyongolotsi, koma zopanga nyambo za chitsulo ndi mtengo ndinaziyambira muno mu Lusaka. Nyambo imodzi ya m'sitolo imadya ndalama ya ndiwo za masiku angapo, kenaka n'kukatsala pachitsa pansi pa madzi tsiku loyamba lomwe. Mafunso awa ndi amene anzanga a mbedza amandifunsa kawirikawiri, ena pa basi, ena pakhonde panga akandipeza ndi tupa m'manja.

Kodi nsomba ingalume bwanji chitsulo kapena mtengo, chinthu chopanda fungo?

Si nsomba zonse zimene zimatero. Nyambo yopanga imakola nsomba zosaka zinzake: mcheni, umene ambiri kuno amangouti taiga, nembwe, ndi basi (nsomba ija pachingerezi amati bass) wa m'madamu a m'mafamu ozungulira Lusaka. Nsomba zotere zimaona kung'anima, komanso zili ndi mzere m'nthiti, kuchokera kumutu kufika kumchira, umene zimamvera kugwedezeka kwa madzi ngakhale madziwo ali matope okhaokha. Kanthu kakadutsa kakuphiriphitha ngati kansomba kovulala, zimakhwathula zisanaganize. Pale (wa m'banja la chambo) wodya ndere ndi udzu sizimukhudza kwenikweni zimenezi, ndipo mlamba umatsata fungo, choncho kwa iwo nyongolotsi, inswa ndi nsima yokanda zikadali mfumu.

Ngakhale nyambo zodula zija zinayambira m'manja mwa munthu wosauka. Mu 1936 msodzi wina wa ku Finland, Lauri Rapala, anasema kansomba ndi mpeni, n'kukakuta ndi pepala lonyezimira la chokoleti. Chimene iye anayang'anitsitsa ndi kayendedwe ka kansomba kodwala pakati pa tinzake, osati maonekedwe ake. Inunso yambirani pomwepo. Nyambo yosaoneka bwino koma yovina bwino imagwira nsomba. Yokongola koma youma m'chiuno imangosamba n'kubwerera.

Sindinapangepo chilichonse. Ndiyambire pati?

Pa supuni. Gulani masupuni akale ku Soweto kapena ku Kamwala, musatenge a m'khichini mwa amayi a kunyumba. Dulani mpini ndi sowo yodulira zitsulo, n'kupala podulapo ndi tupa mpaka posalala. Boolani timabowo tiwiri, kena kumutu kena kumchira, ta mamilimita 2 kapena 3. Chitsulo chosachita dzimbiri n'chouma mtima: yambani mwakhomapo kadontho ndi msomali kuti choboolera chisaterereke, donthezanipo mafuta, ndipo boolani pang'onopang'ono mukukanikiza. Mukathamangitsa makina, chitsulo chimatentha n'kuumiratu, choboolera n'kubuntha. Pakamwa pa timabowo palaninso, chifukwa mpeni wotsala pamenepo ndi umene umadzadya mphete.

Kumbali yosongoka ikani kamphete ndi kachitsulo kozungulira kaja kamene m'masitolo amati swivel, kumbali yotakata kamphete ndi mbedza. Yatha nyambo.

Mpini uja musataye. Uboolereni mbali zonse, muupinde pang'ono ngati chilembo cha S, ndipo mwapeza nyambo yachiwiri, yowonda ngati kapenta, imene imauluka patali ngakhale kuli mphepo. Ku Siavonga, pa nyanja ya Kariba, kumene mcheni unazolowera kudya kapenta chibweretsereni nsombazi kuchokera ku Tanganyika m'zaka za m'ma 1960, mpini wa supuni wandigwirira nsomba zambiri kuposa supuni yeniyeniyo.

Pokoka, supuni iziyenda mogwedeza thako uku ndi uku. Ikayamba kuzungulira ngati mpeperu ndiye kuti mwafulumiza, kapena ndi yakuya kwambiri. Iikeni pa thabwa muimenye pang'ono ndi nyundo kuti iphwatalale.

N'chiyani chimene ndiyenera kugula, osapanga ndekha?

Mbedza, swivel, timphete ndi chingwe. Pa zinayi izi musaumire. Thupi la nyambo mutha kutola pa dzala, koma chimene chimagwira nsomba ndi nsonga ya mbedza, ndipo chimene chimaibweretsa kumtunda ndi kamphete kakang'ono kamene palibe amene amakayang'ana. Ndinataya mcheni waukulu koposa umene ndinaukolapo chifukwa cha kamphete ka makiyi. Kanatambasuka ngati udzu, nsomba ili pafupi ndi bwato, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umawawa.

Manambala a mbedza amasokoneza oyamba kumene. Kuchokera pa 1 kupita m'mwamba, nambala ikamakula mbedza imachepa: 10 ndi yaing'ono kuposa 6. Koma zolembedwa 1/0, 2/0, 3/0 zimakula pamodzi ndi nambala. Pale amafuna 6 mpaka 10, nembwe ndi basi 1 mpaka 2/0, mcheni 3/0 mpaka 5/0. Poyesa kuthwa, yendetsani nsonga pa chikhadabo cha chala chachikulu. Ikagwira ndi yakuthwa, ikaterereka inoleni.

Sipina yanga sikuzungulira. Ndalakwitsa pati?

Sipina ndi nyambo yokhala ndi tsamba la chitsulo limene limazungulira pa waya mukamakoka. Tiyambe ndi kamangidwe kake. Tengani waya wosachita dzimbiri wa mamilimita 0.8 kapena 1, wotalika masentimita 12. Owotcherera zitsulo ku Kalingalinga amakhala ndi zidutswa zake, mukawapempha mwaulemu sakukanizani. Pansi pindani diso lokhala ndi mbedza. Kenaka lowetsani thupi lolemera, monga timanati ta mkuwa kapena mitu ya masipoko a njinga, pamwamba pake mkanda umodzi waung'ono wosalala, kenaka kachitsulo kopindika ngati U konyamula tsamba, n'kutseka ndi diso lapamwamba. Tsambalo mutha kudula pa supuni ya tiyi kapena pa chidutswa cha paipi ya mkuwa chophwanyidwa ndi nyundo, ndipo mimba yake yolowa mkati iyang'ane kwa waya.

Ikakana kuzungulira, nthawi zambiri vuto ndi kachitsulo ka U kamene kafinyidwa kwambiri moti sikayenda momasuka. Uzirani mpweya pa tsamba: likapanda kugwedezeka ndi mpweya wa pakamwa, m'madzinso silitheka. Penanso mwaiwala kamkanda kaja, ndiye chitsulo chikukhuzana ndi chitsulo chinzake. Penanso tsamba ndi lathyathyathya, lopanda mimba yogwira madzi. Ndipo sipina yopanda swivel imapota chingwe mpaka kuchisandutsa mfundo zokhazokha.

Za mkuwa ndinenepo chimodzi. Pemphani zidutswa kwa okonza mafiriji ndi mapaipi. Waya wamkuwa wosadziwika kumene wachokera musagule, chifukwa ndi womwewo umene ukabedwa komboni yonse imagona mumdima.

Ndikufuna kusema kansomba ka mtengo. Mtengo wabwino ndi uti, ndipo ndichite bwanji?

Apa ndiye pokoma, ndipo ndi pamene pamafuna kuleza mtima. Mtengo wopepuka umavina mwamsanga: paini wouma, malaina, jakaranda. Akalipentala a ku Buseko ndi ku Kalingalinga amasesa tizidutswa totere tsiku lililonse. Mukwa ndi wolemerapo, suvina mofewa ngati paini, koma umapirira mano, ndiye ndimausungira mcheni. Mtengo wauwisi ayi, umang'aluka ukamauma.

Dulani kachidutswa ka masentimita 7 mpaka 9. Musanayambe kusema, mtengo ukadali wa makona anayi, chekani mpata wa mlomo, kachidutswa kaja kotulukira pansi pa chibwano kamene kamamiza nyambo ndi kuivinitsa. Ambiri amayamba kusema, kansomba kakakhala kobulungira n'kumafuna kucheka mpata, ndipo umapendama nthawi zonse. Mpata ukapendama pang'ono pokha, nyambo yonse yapita. Lembaninso mzere wa pakati kuzungulira thupi lonse, ndipo posema muzichotsa mofanana mbali ziwirizo, mzerewo osaufufuta mpaka pomaliza.

Kumimba chekani ngalande kuchokera kumphuno kufika kumchira. Mmenemo mulowe waya mmodzi wosadukiza, wopindidwa kuti apange maso atatu: la chingwe kumphuno, la mbedza kumimba, la mbedza kumchira. Timisomali topota tolowetsa mumtengo tingakwane pa basi wa m'damu, koma mcheni umatizula. Waya akakhala mmodzi, ngakhale mtengo utasweka nsomba imakhalabe pa chingwe.

Tsopano kulemera. Mangirirani mbedza zonse ziwiri, matani timachaka ta chitsulo kapena tamtovu kumimba ndi selotepi, n'kuika kansombako m'ndowa. Kazikhala chilili, msana utangotulukira pang'ono pamwamba pa madzi, mphuno itaweramira pansi pang'ono. Sunthani cholemeracho mpaka zitatero, ndipo pokhapo boolani malo ake. Chikhale pansi kwenikweni pa mimba, patsogolo pang'ono pa pakati. Chikakwera kumsana, kansomba kamagona chagada ngati kakufa. Tsekani ngalande ndi guluu wa epoxy wosakaniza ndi utuchi, kakauma palani ndi sandipepala.

Mlomo dulani pa galasi la pulasitiki la chipewa chakale cha njinga yamoto, kapena pa magalasi otetezera maso a m'mawekishopu. Pulasitiki imeneyo imapindika osasweka. Ya CD imang'aluka ikangogunda mwala. Mlomo waufupi woloza pansi umayendetsa nyambo pamwamba ikugwedezeka kwambiri. Wautali woloza kutsogolo umaimiza pansi. Woyamba pangani wotakata ngati thupi lake, ndipo musaumate kaye: ulowetseni mothina, kayeseni m'madzi, mukakhutira ndiye mumate.

Madzi akalowa mumtengo, utoto umasupuka ndipo kavinidwe kamasintha, choncho musanapake chilichonse nyikani kansombako mu vanishi wosungunula kawiri kapena katatu, kuyanika pamthunzi pakati pake.

Kansomba kanga kakuthamangira mbali imodzi

Tengani pulayasi, pindani diso la kumphuno pang'ono kwambiri kuloza mbali imene kakuikana. Kakathawira kumanzere, diso lipite kumanja. Pang'ono ndikutanthauza kuti diso lanu lisaone n'komwe kuti mwapinda. Yesani, pindaninso, yesaninso. Zikakanika ndiye kuti mlomo ndi wopendama, uchotseni muyambirenso.

Diramu ya madzi ya kuseri kwa nyumba imakuuzani za kayandamidwe kokha. Kavinidwe kamafuna mtunda wa mamita angapo, ndiye ine ndimasonkhanitsa titatu kapena tinayi n'kukatiyesera pa damu ndisanapake utoto. Kupaka kaye n'kudzayesa pambuyo n'kutaya penti.

Nanga mtundu? Ndipake utoto wanji?

Funso limeneli ndi limene limabwera kwambiri, koma ndi laling'ono pa onse. Madzi oyera, dzuwa lili phwee: siliva. Madzi ofiirira, kapena kunja kuli mitambo: mkuwa kapena golide. M'matope enieni ndi madzulo kwambiri: wakuda, chifukwa nsomba yoyang'ana kuchokera pansi imaona chithunzithunzi. Kufiira ndi mtundu umene umayamba kuzimirira nyambo ikamamira, komabe kadontho kofiira pakhosi kapena kaubweya kofiira pa mbedza ndimaika nthawi zonse poponya pamwamba.

Kunyezimira mumakupeza pa pepala la mkati mwa paketi ya tchipisi kapena ya chokoleti. Limateni m'nthiti, n'kuligudubuza ndi bauti kuti mizere yake isiye mamba. Msana pakani kyutekisi wakuda kapena wobiriwira, mimba woyera. Pomaliza kutani ndi epoxy wouma mochedwa, wa mphindi 30, mukutembenuza nyambo m'manja kuti asadonthere mbali imodzi. Wa mphindi 5 amasanduka wachikasu ndipo sachedwa kusweka.

Mcheni ukundidulira chingwe, ndipo ukaluma umalavula nyambo podumpha

Mano a mcheni amalowana ngati lumo, nayiloni sangalimbe. Pakati pa chingwe ndi nyambo pakhale waya wa masentimita 20 mpaka 30. Wa m'sitolo ndi wabwino, koma chingwe chopyapyala cha gitala chimagwira ntchito, ngakhalenso timinyewa titatu topota tochotsa ku kebulo ya buleki ya njinga. Ziwirizi zimachita dzimbiri, muzisintha ulendo uliwonse. Pomanga, mawaya awiriwo ayambe apotana onse kasanu ngati chingwe cha mlaza, kenaka wamfupiyo azungulire mnzake mothina kasanu. Mukangozunguliza mmodzi pa wowongoka, zimasololoka. Waya akapindika penapake mutagwira nsomba, mtayeni, adzathyokera pomwepo.

Za kulavula: m'kamwa mwa mcheni ndi fupa lokhalokha. Mbedza ya nsonga zitatu imagawa mphamvu patatu, palibe nsonga imene imalowa bwino. Chotsani muike ya nsonga imodzi, yolimba, yonoledwa, yolendewera pa timphete tiwiri kuti nsomba ikamapukusa mutu isapeze potsamira. Ena amakoleka kachidutswa kowonda ka nyama ya nsomba pa mbedzayo, ndipo zimathandiza. Mcheni ukadumpha tsitsani ndodo, chingwe chisalendewere. Ngakhale mutachita zonsezi, mwa micheni yoluma yambiri idzapulumuka ndithu. Nyengo yake yeniyeni ndi ya kutentha, Seputembala mpaka Novembala. M'chisanu cha Juni ndi Julaye umachita ulesi.

Abale ochokera ku Malawi asasokonezeke: ncheni wa ku nyanja kuja, wowonda wa m'banja la chambo, ndi nsomba ina.

Ndaponya supuni tsiku lonse pa mlatho wa Kafue, mcheni osauona. Chifukwa chiyani?

Chifukwa kulibe. Mathithi a ku Kafue Gorge anautsekera njira kalekale, moti kumtunda kwake, ku Kafue tauni, m'zigwa za Kafue mpaka ku Itezhi-Tezhi, mcheni sukhalako. Umapezeka kumunsi kwa mapiriwo, cha ku Chiawa kumene Kafue amathira mu Zambezi, ku Chirundu ndi ku Kariba. Ku Kafue tauni, makilomita ngati 45 kuchokera mu Lusaka, konzekerani nembwe ndi anzake a kamwa lalikulu. Waya safunika kwenikweni, sipina yaing'ono yamkuwa kapena kansomba ka masentimita 5 mpaka 7 n'zokwanira.

Vuto la kumeneko ndi namasupuni ndi udzu wa m'madzi, ndipo nembwe imabisala momwemo. Mangani kachidutswa ka nayiloni wokhuthala pa khosi la mbedza, kapindikire mpaka kuphimba nsonga. Udzu umaterereka, koma nsomba ikaluma kamagonja.

Kodi ndingasungunule mtovu kunyumba kuti ndipange zomiza chingwe?

Zimatheka, chifukwa mtovu umasungunuka pa madigiri 327 ndipo mbaula ya malasha imafikapo. Koma ndikupemphani mumve bwino. Mtovu ndi poizoni wosanunkha, wosawawa, umene umaunjikana m'thupi, ndipo umawononga kwambiri ubongo wa ana aang'ono. Sitifunika kupita kutali kuti tidziwe zimenezi. Ku Kabwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'makomboni oyandikana nawo akupezeka ndi mtovu m'magazi chifukwa cha fumbi limene amaseweramo. Musasandutse bwalo la pakhomo panu kukhala Kabwe wamng'ono chifukwa cha nsomba.

Ngati mwatsimikiza, chitirani panja, mphepo ikuchokera kumsana kwanu, ana ndi amayi oyembekezera ali kutali. Chitini chake chikhale cha ntchito yokhayo, chisadzaonenso khichini, ndipo mbaula yophikira nsima isakhale yomweyo. Chikombole, kaya ndi thabwa loboola kapena dothi, chiume kotheratu. Dontho limodzi la madzi likakumana ndi mtovu wosungunuka limaphulika n'kuumwaza kumaso. Valani nsapato zotseka ndi magalasi. Mukatha sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya, ndipo chizolowezi chofinya timtovu pa chingwe ndi mano chisiyeni, pulayasi ilipo. Batire ya galimoto musaiswe. Muli asidi, ndipo utsi wake ndi woipa kuposa wa mtovu wamba.

Ineyo ndinasiya kusungunula mwana wanga woyamba atayamba kukwawa. Manati akale, mabauti ndi mapulagi otha ntchito a kwa amakanika amamiza chingwe chimodzimodzi. Pa pulagi, pindani kachitsulo kakunsonga kaja kuti katseke ngati diso, mumangepo ndi ulusi wofooka kuposa chingwe chachikulu. Ikakodwa pamiyala imatsala yokha, mbedza ndi nsomba n'kubwera.

Zoyandamitsa ndi ndodo?

Patapata wakutha, bango louma, chitsekero cha botolo la vinyo, nthenga yaikulu ya nkhukundembo, zonsezi zimayandama. Kwa pale sankhani chowonda, ndipo muchilemeze mpaka kansonga kokha katsale pamwamba, kopaka kyutekisi wofiira. Chikakhala chachikulu nsomba imamva kukoka n'kulavula. Mangani ndi timphete todula pa chubu cha njinga kuti muzitha kuchikweza ndi kuchitsitsa.

Nsungwi dulani yokhwima, muiwongole pa moto wofatsa ikadali yaiwisi, n'kuipachika pamthunzi mutu pansi, mwala utalendewera, kwa milungu ingapo. Koma nsungwi ndi ya nyongolotsi. Yoponyera supuni ndi sipina imafuna ndodo ya rilu, kachipangizo kaja kokulungira chingwe, ndipo imeneyo gulani, ngakhale ya pa salaula.

Nthenga zimagwira ntchito?

Kwambiri, makamaka pa basi ndi nembwe. Nthenga za nkhanga, za pakhosi pa tambala, ubweya wa kumchira kwa mbuzi, ngakhale ulusi wa saka la ufa wopesa bwino. Kulungani ulusi wosokera pa thupi la mbedza, ikani nthenga zochepa, kulunganinso, donthezani supaguluu. Zikhale zochepa ndithu: zikachuluka zimaumbika pamodzi n'kuleka kupuma m'madzi. Kutsogolo ikani kanati kakang'ono kuti mutu uzimira poyamba, ndipo muziikoka modumphitsa pansi. Ya mtundu wa khofi imafanana ndi nkhanu zija za zala zofiira zochokera ku Australia zimene zadzaza mu Kafue ndi mu Kariba, ndipo nsomba zosaka zinaphunzira kuzidya.

Kodi woponya nyambo yopanga malamulo amamukhudza?

Eya. Chaka chilichonse boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale m'madzi ambiri a dziko lino, kuphatikizapo Kafue, kuti nsomba ziswane. Za chilolezo cha mbedza kafunseni ku Dipatimenti ya Zausodzi, likulu lake lili ku Chilanga, panjira yomweyo yopita ku Kafue. Mu Lower Zambezi National Park nsomba mukagwira mumaibwezera m'madzi, ndipo pamenepo finyani kandevu ka mbedza ndi pulayasi kuti ituluke msanga. Zimathandizanso tsiku limene mbedzayo idzalowe m'chala chanu. Ku Chirundu kumbukirani kuti tsidya linalo ndi Zimbabwe, ndipo musaime m'madzi pofuna kukolola nyambo yokodwa, ng'ona za kumeneko sizichenjeza. Ku madamu a eni ake funsani kaye mwini malo.

Miyezi itatu yotsekayo ndiyo nthawi yanga yosema. Mvula ikugwa padenga, ine pakhonde ndi mpeni, pofika Marichi bokosi ladzaza.

Ndizisunga bwanji kuti zisachite dzimbiri?

Mukafika kunyumba tsegulani bokosi, tsukani nyambo zimene zalowa m'madzi, muziyanike usiku wonse zisanabwerere kwa zinzake. Mbedza imodzi yadzimbiri imapatsira bokosi lonse. Ikanimo timapaketi tija toyamwa chinyezi topezeka m'mabokosi a nsapato, kapena mpunga womanga m'kansalu. Supuni zamkuwa zikada, pukutani ndi phulusa ndi ndimu, muzitsuke n'kuziumitsa. Mbedza zotsala zibayeni pa chidutswa cha patapata, ndipo bokosilo likhale pamwamba pamene mwana safikapo.

Chingwe cha nayiloni chimaphedwa ndi dzuwa, choncho rilu isagone pawindo kapena kumbuyo kwa galimoto. Musananyamuke, yendetsani zala pa mamita awiri akumapeto. Mukamva pokhakhala dulani, mangani mfundo yatsopano, ndipo muinyowetse ndi malovu musanaikoke.